Kodi mabuku a atsikana apachibale okhala ndi mphamvu zodabwitsa amaphunzitsa ufiti?

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa ngati ayenera kuda nkhawa poona kuti mwana wawo wamkazi wa zaka 15 wakomedwa ndi mabuku a Chingerezi onena za atsikana a bere limodzi omwe ali ndi mphamvu zamatsenga. Akuopa kuti mabukuwa angamuzoloweze zaufiti.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, poti kwathu kuno nkhani ya ufiti siyoseweretsa. Komabe, mukawawerenga mabukuwa mupeza kuti alembi ake amagwiritsa ntchito matsengawo pofuna kukuza mkangano umene umapezeka m'nyumba iliyonse momwe muli ana aakazi angapo, makamaka pamene akuluakulu amakonda kuwayerekeza.

Taonani Three Dark Crowns, buku la Kendare Blake wa ku America, lomwe linatuluka mu 2016. Atsikana atatu obadwa tsiku limodzi pachilumba cha Fennbirn amalekanitsidwa ali ndi zaka 6, ndipo akakwanitsa zaka 16 mwambo umawakakamiza kuphana mpaka atatsala mmodzi woti akhale mfumukazi. Mirabella amalamula moto ndi mphepo yamkuntho, ndipo aliyense amamutama. Katharine amayembekezeka kudya poizoni osavulala, koma thupi lake limakana, moti amene amamulera amamudyetsabe mpaka kudwala pobisa manyazi awo. Arsinoe naye mphatso yake yoweta nyama ndi kumeretsa zomera siioneka. Mtsikana aliyense amene anafunsidwapo chifukwa chake sakhoza m'kalasi ngati mkulu wake amaumva msanga ululu wa awiriwa. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti Mirabella, wamphamvu koposa onse, ndiye amakumbukira ubwana wawo ndipo safuna kupha abale ake.

Mu Born Wicked, la Jessica Spotswood la mu 2012, Cate analonjeza amayi ake asanamwalire kuti adzateteza ang'ono ake, Maura ndi Tess, koma Maura amaona chitetezocho ngati goli.

Chimene ndingakuchenjezeni ndi china. Buku la Blake lili ndi nkhanza zambiri komanso zachikondi zimene sindingazipereke kwa mwana wa zaka 12. Wa zaka 15 angathe kuliwerenga, koma ndi bwino kuti inu muyambe mwawerengako mitu ingapo, kenaka mumufunse kuti mwa atatuwo akumvera chisoni ndani, ndiponso chifukwa chake.