Mwaitanidwa ku Hillel? Pitani ndithu

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kuti inu Mkhristu mupite ku chakudya cha Lachisanu madzulo chomwe mnzanu wachiyuda wakuitanirani ku Hillel, pakoleji yanu ku America. Pitani, palibe choopa.

Hillel ndi bungwe la ophunzira achiyuda lomwe linayamba mu 1923 pa University of Illinois, ndipo lero lili m'makoleji mazanamazana. Alendo amawalandira bwino, komanso Ayuda alibe chizolowezi chokopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo.

Sabata lawo limayamba dzuwa likamalowa Lachisanu. Amayatsa makandulo, kenaka wina amanyamula chikho cha vinyo kapena juwisi wa mphesa n'kuimba dalitso lotchedwa Kiddush. Ena amasamba m'manja ndi kapu ya zogwirira ziwiri, ndipo apa ndiye muchenjere: akasamba salankhulanso mpaka atalawa buledi wolukidwa uja, challah. Ine ulendo woyamba ndinkangolongolola, n'kumadabwa kuti anzangawa akungondiyankha ndi mutu bwanji!

Musatenge chakudya cha kwanu. Malamulo achiyuda a zakudya, otchedwa kosher, ndi okhwima, nyama ndi za mkaka sizisakanizidwa, ndiye mphatso yanuyo ingowasowetsa mtendere. Foni ikhale m'thumba, poti ena sagwira zamagetsi pa Sabata, ngakhale ku Hillel mukapezanso ambiri osalabadira zimenezo. Omwe amatsata mwambo kwambiri ndi a gulu lina lachiyuda lotchedwa Chabad, kumene rabi ndi mkazi wake amalandirira ophunzira pakhomo pawo penipeni.

Kachipewa kaja kovala amuna achiyuda, kippah, nthawi zambiri kamakhala m'dengu pafupi ndi khomo. Mukafuna, tengani kamodzi muvale.