Mwana akudya phala kusukulu, bwanji akusinzabe m'kalasi?

Funso: Akonzi, kusukulu kwa mwana wanga wa zaka 8 anayamba kuphikira ana phala chaka chatha. Masiku ano sajomba, koma mayeso sakukhoza bwino, ndipo aphunzitsi ake akuti amasinza m'kalasi. Kodi phalali likuthandiza?
Mayi wodandaula

Yankho: Mayi, kusajombako ndiye phindu loyamba la chakudya cha kusukulu, ndipo limaoneka msanga. Kukhoza mayeso kumabwera pang'onopang'ono, kumadaliranso aphunzitsi ndi mabuku. Koma kusinzako musakunyalanyaze.

Yambani mwafunsa nthawi imene ana amadya. Ngati phala limapsa 11 koloko, mwana wochoka kunyumba osadya kanthu amaphunzira masamu m'mimba muli pululu kwa maola atatu. Liziperekedwa maphunziro asanayambe kapena pa nthawi yopuma yoyamba.

Kenako muyeso. Ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, magalamu 100, umapereka makalori (muyeso wa mphamvu yochokera m'chakudya) pafupifupi 380, omwe ndi gawo limodzi chabe mwa magawo asanu a zimene mwana wa msinkhu uwu amafuna patsiku. Ana akachuluka, ophika ena amangoonjezera madzi kuti mphika ukwanire. Phala likamayenderera pa supuni ngati tiyi, mwana amakhuta madzi. Vuto linanso, ndipo limatipweteka mtima, ndi loti makolo ena amachepetsa chakudya cha kunyumba poti "wadya kale kusukulu". Phalalo ndi loonjezera, mwana azidyabe kunyumba monga kale.

Tsopano mwanayo mumuyang'ane bwino. Kokerani pansi chikope cham'munsi: mkati mwake mukakhala motuwa m'malo mofiira, zikhatho nazo zili mbuu, mwina magazi ndi ochepa. Kuchepa kwa ayironi, michere imene thupi limafuna popanga magazi, kumafooketsa mwana ndi kumulepheretsa kutsatira zimene akuphunzira. Pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi ndi malungo, mufunsenso za njoka zam'mimba, chifukwa zina zimayamwa magazi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa piritsi limodzi la albendazole la mamiligalamu 400 kamodzi kapena kawiri pachaka m'madera amene njokazi zafala.

Kunyumba muzimupatsa nyemba, masamba obiriwira, dzira kapena nyama, pamodzi ndi chipatso chokhala ndi vitamini C monga lalanje, chifukwa chimathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi amatsekereza zimenezi, choncho asamwe pa nthawi ya chakudya. Muonenso nthawi yogona: mwana wa zaka 8 amafunika tulo ta maola 9 mpaka 12 usiku uliwonse.