Za madzi a m'khola la nkhumba aja

Achimwene, mwafunsa za madzi otsukira khola omwe akununkha mpaka maneba ayamba kudandaula, kuti kodi mumange thanki ya biogas, yopangira gasi wophikira kuchokera ku ndowe, kapena ayi. Ine ndikuti mangani, bola mudziwiretu kuti mkatimo mukhala mukuweta tizilombo tamoyo, tofuna kusamala ngati nkhumba zomwezo.

Ndi mabakiteriya osafuna mpweya olo pang'ono, ndiye thanki ikhale yomata bwino osapumira paliponse, iwo amadya ndowe zija nkumatulutsa gasi, ndipo pafupifupi 60 peresenti ya gasiyo ndi methane yemwe amayaka pophika. Poyambitsa musathire za nkhumba zokha, kapezeni ndowe zaziwisi za ng'ombe musungunule ndi madzi muyezo wofanana, chifukwa tizilomboti timakhala kale m'mimba mwa ng'ombe. Kenako dikirani masabata angapo. Gasi woyamba nthawi zambiri sayaka nkomwe, musataye mtima.

Tizilomboti timakonda kutentha kwa madigiri 35 chakumeneko, ndiye poti mwati muli ku Dedza, June ndi July gasi azichepa, palibe chochita. Thankiyo ikwirireni pansi, pamalo powomba dzuwa, ikhalenso yaikulu moti zomwe mwathira zizikhalamo masiku 40 kapena kuposa.

Koma chomwe chimapha tizilomboti kwambiri ndi mankhwala. Kwathu mnyamata wa ganyu anatsuka khola ndi klorini, madzi onse nkutsikira muthanki, aaa, moto unayamba kuzimazima sabata yomweyo kenako zii, kungotsala kafungo kowawasa basi, tinachita kukapemphanso ndowe kwa anzathu a ng'ombe kuyambira pachiyambi. Sopo wambiri chimodzimodzi, ngakhalenso ndowe za nkhumba zomwe mwangozibaya maantibayotiki, zimenezo tayani padera. Kukhuthuliramo zambiri tsiku limodzi nakonso kumasasitsa mkati, mukaona choncho lekani kuthira masiku angapo, laimu pang'ono amathandiza.

Madzi otuluka muthankimo mbali inayo musawalozetse kudambo ayi. Fungo limakhala litachepa inde koma majeremusi ena ndi mazira a njoka zam'mimba amapulumuka, komanso ali ndi manyowa ambiri moti akalowa mumtsinje amameretsa ndere ndi namasupuni. Kumbani kangalande azipita ku nthochi, osati pa masamba odya osaphika.

Ndipo tsiku lokapa, munthu asalowe muthankimo mutangotsegula, kagasi kaja konunkha ngati dzira lovunda kamakomola mpaka kupha. Isiyeni yotsegula ipite mphepo kaye, winanso aime pamwamba.