Maimelo akulowa, koma sakutuluka

Bambo wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, andilembera kuti akalumikiza intaneti kudzera pa lamya ya m'nyumba, maimelo amalowa bwinobwino, koma amene iwo alemba amangokhala mu Outbox, bokosi la maimelo odikira kutumizidwa.

Funso lanu, bambo, landikumbutsa chaka chimene tinamanga chiliza cha agogo athu, amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kuno ndipo anaikidwa konkuno. Abale a kumudzi sanathe kubwera, choncho ndinapatsidwa udindo wotumiza zithunzi kwa msuweni wathu wa ku Lilongwe kuti akawaonetse. Masiku atatu ndinkadikira kuti ana agone, n'kuzula waya wa lamya pabalaza, kuulowetsa kuseri kwa kompyuta ndi kumvetsera modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku lamya, ikulira ngati nkhululu, koma kamzere kosonyeza kuti imelo ikupita kankangofika pakati n'kuima. Apo n'kuti mphindi iliyonse ikuwerengedwa pa bilu.

Mnyamata wa ku kampani imene inkatipatsa intaneti anandiuza kuti modemu yanga yatha. Ndinagula ina m'tauni, ndipo palibe chinasintha. Mpaka lero ndimati katswiri amene amanamizira modemu pamene maimelo akulowa ndi waulesi, chifukwa imelo imalowera khomo lina, la POP3, n'kutulukira lina, la SMTP, ndipo ngati khomo limodzi likutseguka ndiye kuti waya ndi modemu zilibe mlandu waukulu. Anthu achikulire ndiwo amauzidwa msanga kuti agule chatsopano, poganiza kuti safunsa zambiri.

Vuto langa linali zithunzizo. Liwiro la 56k lolembedwa pa bokosi la modemu ya V.90 ndi lolandirira, pamene potumiza silipitirira 33.6k, kutanthauza makilobaiti pafupifupi 4 pa sekondi. Chithunzi cha 3 MB chikaikidwa mu imelo chimakula kufika pafupifupi 4 MB, ndipo chimafuna mphindi zoposa 16 popanda lamya kuduka. M'nyengo ya mvula, waya wakale ukalowa chinyezi, mphindi zimenezo n'zambiri. Imelo yoyamba ikakanika, zonse za pambuyo pake zimaima pamzere.

Zoti muchite, bambo

Yambani mwachotsa zonse mu Outbox, kenaka mudzitumizire nokha imelo ya mawu awiri. Ikapita, ndiye kuti vuto ndi kukula kwa zimene mumaphatikizamo, choncho chepetsani zithunzizo ndipo ngati mumagwiritsa ntchito Outlook Express, pulogalamu yakale ya maimelo ya Microsoft, muwonjezere nthawi ya Server Timeouts, imene pulogalamuyo imadikira yankho la seva (kompyuta ya kampani yoyendetsa maimelo anu), kuchoka pa mphindi 1 kufika pa 5. Ikakanidwa ndi nambala 550 ndi mawu akuti relaying denied, seva yotumizira sikukudziwani, ndipo muyenera kuchonga pamene palembedwa My server requires authentication. Ikalephera kulumikizana n'komwe, funsani kampani yanu ngati inatseka port 25, imene ndi nambala ya khomo lotulukira maimelo, monga ambiri anachitira polimbana ndi maimelo achinyengo, ndipo akuuzeni ngati mugwiritse ntchito 587 kapena 465.

Simunanene kompyuta imene muli nayo. Ngati ndi Windows XP, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu 2014, zonsezi zikhoza kukanikabe, chifukwa maseva ambiri a lero safuna chitetezo chakale cha Outlook Express. Zikatero, mundilemberenso ndipo mukopere uthenga wonse umene ukutuluka pa sikirini, pamodzi ndi nambala yake yoyamba ndi 0x800CCC.