Eko anapanga kale, nanga akufuniranji kujambulanso mtima?

Mayi wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo. Bambo awo, a zaka 58, anawapeza ndi chitseko cha mtima chothina atawaunika ndi eko ku Mzuzu Central Hospital. Tsopano chipatala chakunja chomwe chikawapange opaleshoni chati chiyambe chajambula mitsempha ya mtimawo. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi kumeneku si kungofuna kutidyera ndalama?"

Ayi mayi, pamenepa musakayike. Zinthu ziwirizi zimaona zosiyana.

Eko ndi yofanana ndi sikani ya amayi oyembekezera. Amapaka timafuta tozizira pachifuwa, wodwala atagonera kumanzere, n'kumayendetsa kachipangizo pakati pa nthiti. Pakanema mumaona zitseko za mtima, zomwe zimalola magazi kuyenda njira imodzi yokha, zikutseguka ndi kutsekeka. Chitseko chotchedwa mitral, chomwe chimaonongeka kawirikawiri kuno kwathu chifukwa cha zilonda zapakhosi zimene sizinachizidwe paubwana, khomo lake limakhala masikweya sentimita 4 mpaka 6. Likatsika kufika pa 1.5, ndiye kuti lathina kwambiri, n'chifukwa chake bambo amapuma mwawefuwefu pokwera kamtunda. Chithunzi chikapanda kuoneka bwino, amamezetsa kachubu kokhala ndi kachipangizo ka eko kunsonga kwake, poti kummero kumadutsa kuseri kwenikweni kwa mtima. Zikatero munthu sadya kwa maola 6.

Koma mitsempha imene imadyetsa mtima weniweniwo ndi yaing'ono, mamilimita 3 kapena 4 basi, ndipo eko siionetsa bwino. Ikhoza kukhala yotsekeka ndi mafuta munthu osadziwa. Tangoganizani dokotala wang'amba chifuwa, waimitsa mtima, waika chitseko chatsopano, kenako mtima n'kukanika kudzuka bwino chifukwa mtsempha wina unali wotsekeka. Akadziwiratu, amalumikiza njira yolambalala pa opaleshoni yomweyo. Chifuwa si choti azitsegula kawirikawiri. N'chifukwa chake amuna opitirira zaka 40, amayi amene anasiya kusamba, ndiponso odwala shuga kapena osuta fodya amawajambula mitsempha kaye.

Njira zake ndi ziwiri. Ina amalowetsa kachubu kowonda pamtsempha wapamkono kapena m'mphechepeche mpaka kumtima, n'kupopa mankhwala oonekera pa ekisire, munthu ali maso. Inayo ndi CT, sikani ya makina ojambula m'thupi ndi ekisire, mankhwala amangobaya pamkono, koma imafuna mtima wogunda modekha, kuzungulira ka 60 pa mphindi. Odwala chitseko cha mitral ambiri mtima wawo umagunda mosalongosoka, ndiye musadabwe akasankha yakachubu.

Chimene ndikukupemphani ndi ichi: musananyamuke, akayezetse impso, poti mankhwala ojambulirawo amalemetsa impso zofooka. Ngati bambo amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena metformin, mankhwala a shuga, muwauze madokotala msanga, ndipo asasiye okha. Malipoti onse a eko, ngakhale akale aja opindikapindika m'buku lakuchipatala, muwatenge. Dokotala amafuna kuona mmene chitsekocho chakhala chikuthinira chaka ndi chaka.