Za Amir Khan ndi mdala waku Cuba uja wa ku Athens

Wina wanditumizira imelo sabata yatha, akuti anaonera pa YouTube fainolo ya nkhonya ya lightweight ya Olympics ya ku Athens 2004 ndiye sakumvetsa zinatheka bwanji kuti Amir Khan waku Britain, amene pambuyo pake anadzakhala champion wa dziko lonse, aluze kwa munthu wa amateur amene iye sanammvepo olo kamodzi. Akufunsanso ngati amateur ndiye kuti ophunzira.

Achimwene, poyamba chotsani kaye maganizo oti amateur ndi mwana wa sukulu. Munthu mukuti simunammvepoyo ndi Mario Kindelán waku Cuba, ndipo pofika ku Athens anali atatenga kale golide wa weight yomweyi ya makilo 60 ku Sydney mu 2000. Anali ndi zaka 33, Khan anali ndi 17 basi, mwana weniweni. Kindelán sanapite ku professional osati chifukwa choti nkhonya sankaitha ayi, kwawo boma la Castro linaletsa nkhonya ya ndalama kuyambira m'ma 1960, ndiye akatswiri awo ankakalambira momwemo mu amateur, kumangothibula tiana ta mayiko ena chaka ndi chaka.

Chachiwiri, masewerawo ndi osiyana. Nthawi imeneyo ankamenya maraundi 4 a mphindi ziwiri ziwiri atavala zipewa zotchinga mutu, ndipo mapoyinti ankawerengedwa pa kompyuta. Majaji asanu aliyense ali ndi mabatani, chibakera chikalowa bwinobwino atatu mwa iwo ayenera kudina mkati mwa sekondi imodzi kuti poyinti ilowe, apo ayi chapita pachabe olo mnzakoyo wachimva mpaka ku chala cha kumwendo. Ndiye apa mphamvu sizikuthandiza kwenikweni, chofunika nkugunda poyera pamene majaji akuona kenako kuchokapo msanga. Kindelán anali wamanzere, ndipo zogunda nkuthawazi ndi zomwe ankadziwa, Khan akamalowa ndi moto wake uja mdalayo amangosuntha pang'ono nkumuponyera ziwiri, mpaka zinatha 30 kwa 22. Zakompyutazi anazibweretsa mu 1992 chifukwa cha manyazi a ku Seoul 1988 pomwe Roy Jones Jr anamuphwanya mKorea aliyense akuona koma majaji nkupereka golide kwa mwini bwalo. Ine sindinazikonde zamabatanizi, zinkapha nkhonya ya m'mimba poti majaji ambiri sankaiwerenga, koma poti zinathetsedwa tizisiye.

Komanso musaiwale kuti ku Olympics sukonzekera munthu mmodzi miyezi itatu ngati ku professional, umamenya anthu anayi kapena asanu m'masabata awiri ndipo tsiku lililonse lomenya umakwera sikelo m'mawa, ndiye tangoganizani mnyamata wa zaka 17 kupirira njala imeneyo nkukafika mu fainolo. Siliva ameneyo si wochititsa manyazi, ndipo ku Athens konseko waku Britain womenya nkhonya anali iye yekha.

Weight ya makilo 60 imeneyi yatulutsa zimphona, Pernell Whitaker mu 1984, Oscar De La Hoya mu 1992, Lomachenko ku London 2012, chaka chomwe Katie Taylor waku Ireland anatenganso golide wa azimayi. Mukafuna kuziziritsa mtima, sakani fight ya ku Bolton ya mu May 2005, Khan ndi Kindelán anakumananso ndipo Khan anawina 19 kwa 13, kenako basi anavula vesiti nkulowa professional.