Mwana wanga sakutuluka m'chipinda chitulukireni zotsatira za MSCE

Mayi wina wa ku Dedza walemba kuti: "Mwana wanga wamwamuna wa zaka 18 walephera Chingerezi pa mayeso a MSCE, ngakhale maphunziro ena anakhoza. Patha milungu itatu akungodzitsekera m'chipinda. Nsima akuibweza, ku mpira anasiya kupita. Bambo ake akuti ndi mwano, ndipo sasiya kumukumbutsa za mbuzi zomwe tinagulitsa kuti tilipire fizi. Dzana mwanayo anauza mlongo wake kuti bola kungofa. Kodi abwereze Fomu 4 kapena timupezere kosi?"

Mayi, za sukuluzo ndiyankha, koma ndiyambe ndi mawu amene anauza mlongo wakewo, chifukwa ndi amene andigwira mtima. Mwana akanena za imfa, musayese kuti akungoopseza. Lero lomwe chotsani m'nyumba mankhwala ophera makoswe, a kumunda ndi oteteza chimanga kwa anankafumbwe, mukasungitse kwa achibale. Usiku asamagone yekha.

Kenako mufunseni mosapita m'mbali: "Mwanangu, kodi ukuganiza zodzipha?" Makolo ambiri amaopa funsoli, amati mwina limupatsa nzeru yoipa. Ayi. Kawirikawiri mwana amapepukidwa akaona kuti wina wazindikira katundu amene wasenza. Musamuitanire pabwalo pamaso pa banja lonse ngati mlandu. Mutengeni muzikatong'ola limodzi chimanga kuseri kwa nyumba. Anyamata ambiri amamasuka manja akamagwira ntchito, maso ali pansi. Akayamba kulankhula, inu khalani chete, ngakhale atanena zopweteka. Uphungu usungeni kaye.

Milungu itatu yosadya bwino, yodzipatula, yosiya zimene ankakonda, si mwano. Zimenezi zimafanana ndi matenda a nkhawa, ndipo amachizika. Pitani naye ku chipatala chachikulu cha boma lanu sabata ino, mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Ku Lilongwe, komwe si kutali ndi kwanu, kuli a St John of God amene ntchito yawo ndi imeneyi. Mungathenso kuimba nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ndi achinyamata. Pemphero lisalekeke, koma liyendere limodzi ndi ulendo wa kuchipatala. Ngati wanena kuti wakonza kale njira yodziphera, musadikire kuti kuche.

Bambo akewo sindikuwaweruza. Kugulitsa mbuzi khola n'kutsala lopanda kanthu kumawawa, ndipo mkwiyo wawo ndi chisoni chomwecho chimene mwanayo ali nacho. Koma mnyamatayo mbuzizo akuziwerenga yekha usiku uliwonse. Akamazimvanso pakamwa pa bambo ake, amayamba kudziona ngati ngongole ya pakhomo. Akhazikeni pansi nokha awiri, kapena pemphani amalume ake a mwanayo awalankhule. Sakufunika kunena zambiri. Kungogogoda pachitseko n'kunena kuti "tiye undiperekeze kumunda" n'chiyambi chokwanira.

Tsopano za sukulu. Ku MANEB, munthu akalephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ya MSCE, ngakhale Masamu ndi Biology atakhoza bwino. N'chifukwa chake zamupweteka chonchi: khomo latsekedwa ndi phunziro limodzi. Mayunivesite a boma nawonso amafuna makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Koma mayesowa amalembedwa chaka chilichonse, ndipo munthu amaloledwa kulembanso, kaya pobwereza Fomu 4, kaya pophunzira masana ku open school. Tengani zotsatira zake mupite nazo kwa ahedi a pasukulu yake yakale, akuuzeni nthawi yolembetsa ndi maphunziro oyenera kubwereza. Ngati mtima wake uli pa ntchito zamanja, kuli makoleji monga Namitete, Salima ndi Lilongwe Technical, ndi maphunziro ena a TEVETA. Kungoti makosi ambiri kumeneko amafunanso MSCE, kotero ine ndikanakonda alembenso Chingerezicho.

Komabe musamusankhire. Akayamba kudya ndi kugona bwino, muyalireni njira zonsezi, mumufunse kuti iye akuona bwanji. Kwa lero, muphikireni ndiwo imene amaikonda, mulowe nayo m'chipindamo, mudyere naye limodzi.